Tsiku Limene Gubudu Anachapidwa

Chikwamacho chisanalowe m'nyumba, fungo lake linali litalowa kale. Mayi Sopo anali pa makina, akupinda siketi ya kasitomala, ndipo sanafunike kutembenuka kuti adziwe kuti kwabwera katundu wa mlamu wake. Anachotsa phazi pa makina, singano n'kuima.

"Chimenecho chisiye panja."

"Achemwali, tandimverani kaye," anatero mng'ono wake ali pakhomo, chikwama chachikulu chakuda chili pamapazi pake.

"Ndikumva. Makutu anga amagwira ntchito ngakhale chinthu chili panja."

Dzina lakuti Mayi Sopo sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anthu a mumsewu wake, ndipo sanamunamizire. Anali mayi woti mlendo akangotuluka amapukuta chogwirira cha chitseko, mlendoyo asanafike n'komwe pageti. Zigamba zokolopera ankazichapa n'kuzisita. Ntchentche imodzi ikalowa m'chipinda chake chosokera, ntchito inkaima mpaka ntchentcheyo italowa m'manda. Ndiye munthu wotereyu Mulungu anamupatsa mlamu woti madzi ankawaona ngati apongozi ake, kuwalambalala patali ndi ulemu wonse.

Choseketsa n'chakuti mlamuyo ntchito yake inali yophunzitsa ana ukhondo. Kunali kakampani kena kopanga makatuni, ndipo katuni yawo yotchuka inali ya Alonda a Dziko Lobiriwira, imene inkaonetsedwa pa TV Loweruka lililonse m'mawa. Alondawo anali atatu, zolengedwa zochokera ku nyenyezi yakutali, zotumidwa kudzateteza dziko kwa Chinyansi, chilombo chomwe chinkameza mitsinje n'kumalavula matope. Mkulu wawo anali Gubudu, chimphona cha ubweya wachikasu, cha maso atatu ndi tinyanga tiwiri. Gubudu sankalankhula. Akakondwa kapena akakwiya ankangodziguguda pachifuwa kawiri, ana m'nyumba zonse n'kudziguguda naye limodzi. Katuniyo itatchuka, kampani inafuna zovala zoti anthu azivala, alondawo azikaonekera kusukulu ndi m'masitolo. Anasoka zovalazo anali Mayi Sopo, ndipo ndi iye yemweyo, ndi pakamwa pake pomwe, amene anauza bwana wa kampani kuti ali ndi mlamu wamtali amene akungokhala, woti n'kumavala cha Gubudu. Panali patapita zaka zinayi, koma anali asanadzikhululukirebe.

Masabata atatu m'mbuyomo mlamuyo anali atathawa, ndipo sanathawe yekha. Anapita ndi mkazi amene ankavala chovala cha Mlonda Wofiira. Dziko lonse analisiya m'manja mwa mlonda mmodzi, wamfupi pa onse, yemwenso anali ndi mphumu.

"Gubudu akuyenera kukafika kuchipatala Lamlungu masana," anatero mng'ono wake atakhala pa kampando ka makasitomala. "Zinakonzedwa kalekale. Ana onse a m'wodi akudikira. Ndipo bambo ake anamulonjeza Kamphuno kuti abwera opaleshoni isanachitike Lolemba."

Kamphuno anali mwana wa mng'ono wakeyo, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha fupa la m'chiuno. Dzinalo anamupatsa ali wakhanda, poti chilichonse, kaya ndi supuni kaya ndi chidole, ankayamba wachinunkhiza asanachilandire.

"Ndiye amuna akowo abwere."

"Foni sakuyankha."

"Mwanayo wamuuza?"

"Ndinamuuza kuti apita kukagwira ntchito kutali." Mng'ono wakeyo anayang'ana pansi. "Sakudya, achemwali. Akungoyang'ana kukhomo. Akuti opaleshoni salowa asanaone adadi ake, ndipo dzulo anazula diripi. Ndikufuna angokhulupirira kuti bambo ake abwera, tsiku limodzi lokha. Zinazo ndidzamuuza akachira."

"Ndiye ine ndikulowapo bwanji?"

"Muvale ndinu chovala chawo, chili m'chikwamamo. Msinkhu wanu ndi wawo ndi umodzi. Munayeza nokha. Abwana avomera kale."

Mayi Sopo anayang'ana kukhomo kumene kunali chikwama chija. Zinali zoona, posoka chovalacho ankadziyesa yekha, nthawi imene chinkanunkhira kusitolo. Ntchitoyonso inali yotheka, chifukwa inali ndi malamulo awiri amene sankaswedwa: Gubudu salankhula, ndipo mutu wa Gubudu suvulidwa pamaso pa mwana. Pa ana onse, Kamphuno yekha ndi amene ankadziwa amene amakhala m'katimo. Ali ndi zaka zisanu, pa tsiku lotsegulira sitolo ina, anakumbatira Gubudu pakati pa chikhamu cha ana, n'kunena motsitsa kuti, "Adadi." Palibe anali atamuuza. Mlamu uja anadzitama nayo nkhaniyi mwezi wathunthu. "Ndi kayendedwe kanga, alamu. Mwana saiwala mapazi a bambo ake." Kuyambira pamenepo, akakumana ndi mwanayo ali m'chovala, ankamufinya kamphuno ndi chigolovesi chake, kukhala chizindikiro chawo awiri.

"Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola," anatero Mayi Sopo pomaliza. "Koma sananene za alamu. Chisiye pomwepo."

Mng'ono wake anaimirira, misozi ili m'maso. Ali pageti anatembenuka. "Musavutike n'kuchichapa, achemwali. N'cholemera, sichingaume. Mungovala mmene chilirimu."

"Mmene chilirimu? Iwe wagona khola limodzi ndi nkhumba zaka khumi, mphuno zako zinafa kalekale. Pita kwa mwana."

Linali Lachinayi. Chikwamacho anakachitsegulira kuseri kwa nyumba, atavala magolovesi awiri dzanja lililonse, mpango atamanga kumphuno. Amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha. Zipi itangotseguka panatuluka mpweya wofunda, wa nkhwema, wa masokosi, wa mowa wa dzana ndi fodya, ndi kena kake kotsekemera ngati zipatso zoola kamene sanafune n'komwe kudziwa gwero lake. Anabwerera m'mbuyo, malovu owawasa atadzaza m'kamwa, n'kukalavula pa ngalande.

Ubweya umene anausankha yekha, wachikasu chowala, unali utasanduka mtundu wa mano a munthu wosuta. Pamimba panali pogwirana ndi mamina a ana a masukulu onse amene Gubudu anapitako. M'khwapa munali mabwalo akuda, olimba ngati chikopa. Koma zonsezi zinali moni chabe. Atatembenuza mutu, chimutu chachikulu cha siponji, anapeza kuti pansi pa chibwano mlamu wake ankamatapo chingamu akamaliza kutafuna. Zinali pa mzere, zakale kumanzere, zatsopano kumanja, ndipo kameneka kanali kanthu kokha kamene munthuyo anakachitapo mwadongosolo pa moyo wake wonse. M'makutu munali makoko a mtedza. M'kanyanga kamodzi anasololamo ndudu yotsala theka. Mphemvu inatuluka pa diso lachitatu, n'kumuyang'ana ngati mwini nyumba amene wadzutsidwa ndi alendo.

"Mlonda wa dziko," anatero Mayi Sopo. "Chinyansi chenichenicho chinali m'kati muno, ana akuchiombera m'manja."

Pansi penipeni pa chikwama panali kathaulo kamene mlamuyo ankadzikulunga m'khosi kuti thukuta lisatsikire pachifuwa. Mayi Sopo anakazindikira, poti anamupatsa ndi iye tsiku loyamba ntchito, kali koyera. Tsopano kanali kotuwa, kouma gwa, kopindika monga mmene kanachokera pakhosi. Sanakakhudze. Anakanyamula ndi kamtengo, n'kukaponya mu jumbo, n'kumanga mfundo zitatu, n'kukataya m'mgolo wa zinyalala wa pageti umene nyumba zonse za mumzerewo zinkatayamo. Galimoto ya zinyalala inkabwera Lolemba, ndipo anaona kuti Lolemba latalika.

Lachisanu makina sanalire. Kasitomala wa siketi anabwezedwa pakhomo. Mayi Sopo anamasula msoko wonse wa m'kati, n'kuchotsa nsalu yam'kati yakale, n'kuiotcha. Chovalacho anachinyika m'bafa ndi sopo waufa ndi madzi otentha. Madzi oyamba anatuluka akuda bii. Achiwiri anali ngati tiyi wopanda mkaka. Achitatu anayamba kuoneka ngati madzi, koma iye sanawakhulupirire, anawonjezera achinayi ndi achisanu. M'khwapa anakwechamo ndi burashi mpaka mapewa kuwawa. Chingamu anachipala ndi mpeni umene pambuyo pake anautayanso. Mutu anautsuka ndi mankhwala oyeretsera, kufinya siponji pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda la munthu amene amadana naye. Pochapa ankatukwana chamumtima, ndipo nthawi zina osati chamumtima. Ankanyansidwa ndi thukuta la munthuyo, koma chimene chinkamunyansa koposa chinali chakuti bambo angalonjeze mwana wodwala, akudziwa kuti chikwama chake walongedza kale.

Poyanika anasamala lamulo la ntchito. Ana a anansi akanaona mutu wa Gubudu uli pa chingwe, thupi lili kwina, mumsewu monse mukanakhala maliro. Choncho anakoloweka mabulangete mbali zonse, Gubudu n'kuuma mobisala. Mng'ono wake ananama, chinauma. Dzuwa la Loweruka linagwira ntchito yake, ndipo masana Mayi Sopo anasokerera nsalu yam'kati yatsopano, yoyera, n'kupesa ubweya wonse ndi chipeso mpaka kuwala. Anaika mphuno pachifuwa pa chovalacho n'kukoka mpweya. Sopo yekhayekha, ndi kafungo ka dzuwa. Kwa nthawi yoyamba chibwerere chikwama chija, mtima wake unakhala pansi.

Panatsala ntchito yonyansa kuposa kuchapa, yophunzira kuyenda ngati mlamu wake. Anatseka chitseko, n'kuima pa galasi la makasitomala. Munthuyo ankayenda mimba ili patsogolo, phazi lamanzere likukhwekhwereza pansi, mikono ili tang'a ngati wanyamula ndowa ziwiri. Akaima ankadzikanda kumbuyo, ngakhale ali m'chovala, pamaso pa aphunzitsi. Mayi Sopo, amene moyo wake wonse ankayenda mowongoka ngati rula, anatulutsa mimba, n'kukhwekhwereza phazi, kuchoka pa makina kukafika pakhomo, kubwerera, mpaka anadziona pa galasi ali mlamu wake weniweni, n'kuchita naye nseru. Kudzikandako anayamba wakana. Kenako anakumbukira diripi yozulidwa ija, n'kudzikanda.

Lamlungu anakumana ndi bwana wa kampani m'kachipinda kosungiramo mipando ya matayala, kumapeto kwa khonde la chipatala. Bwanayo anali munthu wa ndevu zosametedwa bwino, wolankhula mothamanga, ndipo ataona chovalacho anagwira pakamwa.

"Amayi, mwatani nacho? Chikuposa cha pa TV!"

"Ndachichapa. Anthu ena amatero."

Mng'ono wake analowa, n'kuima. Anasisita ubweya wa pamkono. "Mwachapadi," anatero ndi mawu otsika, ngati munthu amene akuyesa kukumbukira chinthu chimene waiwala kunyumba. Koma nthawi inali itakwana, ndipo bwana anali atanyamula kale mutu.

"Malamulo mukuwadziwa, amayi. Olo mwana akufunseni chiyani, osayankha. Olo kutenthe bwanji, mutu osavula mpaka mutabwerera muno. Muziyang'anira pakamwa, pali kaneti."

Zipi inakwera kumsana, mutu unatsika, dziko n'kuchepa kukhala kazenera ka neti. M'katimo munali motentha, koma munali mwaukhondo, ndipo Mayi Sopo anadziyamikira. Mlonda wa mphumu uja anamugwira dzanja, nesi anatsegula chitseko cha wodi, phokoso n'kuwagwera.

"Gubudu! Gubudu!"

Amene ankatha kuyenda anathamanga, amene sankatha anakuwa ali pa mabedi. Gubudu anatulutsa mimba, n'kukhwekhwereza phazi, n'kudziguguda pachifuwa kawiri, wodi yonse n'kudziguguda, ngakhale amayi odikirira odwala. Kamtsikana kena ka bandeji kumutu kanapukutira mphuno pa ntchafu yake. Kena kanamugwira ndi manja a phala. Wina anamukhosomolera pa neti penipeni. Mayi Sopo anatseka maso, n'kumeza, n'kupirira. Masiku awiri a ntchito yake ankapita akuona, koma sanabwere chifukwa cha ana amenewa.

Kamphuno anali pa bedi lomaliza, pafupi ndi zenera. Anali ataonda, maso atakula, dzanja lili ndi pulasitala pamene panali diripi. Sanakuwe ngati anzake. Anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala tsonga, akuyang'ana mapazi a Gubudu. Mayi Sopo anakhwekhwereza phazi lamanzere mosamala, n'kuima, n'kudzikanda kumbuyo. Nkhope ya mwanayo inatseguka. Anaseka, kuseka kwenikweni, mano ogweluka ali poyera, ndipo mayi ake amene anaima kumutu kwa bedi anatembenukira kukhoma kubisa misozi.

Gubudu anagwada pambali pa bedi. Anatambasula chigolovesi, n'kufinya kamphuno ka mwanayo monga mwa chizindikiro. Kamphuno anamukumbatira m'khosi ndi manja onse awiri, n'kukwirira nkhope yake mu ubweya wa pansi pa chibwano. Mayi Sopo anamva mwanayo akukoka mpweya, wautali, ngati munthu waludzu amene wapeza madzi.

Kenako anamva timanjato tikufooka.

Mwanayo anasuntha nkhope, n'kununkhiza paphewa. Ananunkhiza pachifuwa. Anakweza mkono wa Gubudu, n'kuika mphuno m'khwapa momwe, mmene Mayi Sopo anakwecha mpaka mapewa kuwawa. Anakhala pamenepo kanthawi. Atadzutsa mutu, kuseka kuja kunali kutatha. Anayandikitsa maso pa neti ya pakamwa, n'kulankhula motsitsa kuti anzake asamve.

"Amayi aakulu."

Thukuta limene linali kutsika kumsana kwa Mayi Sopo linazizira.

"Ndi inu. Mukununkhira ngati mapilo a kwanu. Adadi sabwera, eti?"

Gubudu salankhula. Mayi Sopo sanadziwe ngati lamulolo likumupulumutsa kapena likumupha. Sikanali kayendedwe. Sikanali konse kayendedwe, chitsiru chija chinangodzitama, ndipo iye, mayi wodziwa bwino chifukwa chimene mwanayu anamutchulira Kamphuno, anakhulupirira chitsiru. Anakumbukira mmene mwanayu ankathamangira bambo ake akaweruka, n'kudzikwirira m'khosi mwawo, iye ali pambali akukalipa kuti, "Tamusiyani mwana, kasambeni kaye." Manja ake anakwera okha kupita kumutu kuti auvule.

"Ayi, musavule," anatero Kamphuno, akugwira chigolovesi. "Enawa akuona."

Mwanayo anasisita ubweya wa pachifuwa, wowala, wopesedwa bwino. Anayang'ana chovala chonse, kuyambira kutinyanga mpaka kumapazi.

"Mwachapa paliponse?" anafunsa. "Palibe pamene mwasiyako?"

Palibe. Mayi Sopo sankasiya malo. Mwanayo anadikira pang'ono, kenako anagona chotembenukira kuzenera, n'kukoka bulangete mpaka kumakutu. Mayi ake anawerama n'kuyamba kumunyengerera, koma iye sanatembenuke. Kumbuyo ana ena ankakoka mchira wa Gubudu, akufuna adzigugudenso, ndipo Gubudu anaimirira n'kudziguguda kawiri, poti ndiyo inali ntchito.

M'kachipinda ka mipando muja bwana anavula mutu akusekerera. "Amayi, mwabadwira zimenezi! Loweruka likubwerali tili ndi sukulu ina, mungathe…"

"Tsitsani zipi."

"Tamwani kaye madzi."

"Ndati tsitsani zipi, bambo."

Sanadikire mng'ono wake. Sanapinde chovalacho, anachisiya pansi chili mulu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. M'basi anakhala pafupi ndi munthu wonyamula nsomba, osasuntha n'komwe. Fungo la sopo linali likumutsatabe, m'manja, m'tsitsi, m'bulauzi, ndipo kwa nthawi yoyamba linamunyansa. Nsalu yam'kati anaiotcha. Madzi akuda aja anawathira m'ngalande, asanu onse. Munthu uja anasiyira mwana wake chinthu chimodzi chokha, chonunkha, chosafunika kwa wina aliyense, ndipo iye anathera masiku awiri akuchichotsa ndi burashi.

Kupatula chimodzi. Galimoto ya zinyalala inkabwera Lolemba.

Mgolo wa pageti unali utadzaza mpaka chivindikiro kukana kutseka. Unali utakhala padzuwa masiku anayi, ukulandira za nyumba zisanu ndi imodzi. Ntchentche zazikulu zobiriwira zinanyamuka atangoukhudza. Mayi Sopo anaganiza za magolovesi ake, koma anali m'nyumba, ndipo nthawi yoonera odwala ya madzulo inkatha dzuwa likamalowa. Anaika chikwama chake cha m'manja pa mpanda, n'kupinda manja a bulauzi, n'kupisa.

Pamwamba panali makoko a mazira ndi masamba a kabichi oterera. Pansi pake panali matewera a khanda la nyumba yachitatu, otupa ngati mikate. Anawachotsa limodzilimodzi, akuika pambali. Anapeza mitu ya nsomba, tsitsi la ku saluni, chitini chodzaza madzi otuwa amene anamutayikira pa nsapato. Atafika pakati, zala zake zinalowa m'chinthu chofewa, chofunda, ndipo atazitulutsa zinali ndi mphutsi. Anatembenuka n'kusanza pa ngalande, n'kupukuta pakamwa ndi phewa, n'kubwereranso.

Mkazi wa makanika wa nyumba yoyandikana anatuluka ndi ndowa, n'kuima kukamwa kuli yasa.

"Mayi Sopo! Ndinu? Mwataya mphete?"

"Ndataya nzeru, amayi. Tagwirani mgolowu ndiupendeke."

"Ine? Ayi, pepani, ndangosamba kumene."

Anaupendeka yekha. Zinyalala zinakhuthukira pa msewu, anthu anayamba kusuzumira pa mazenera, ndipo iye anagwada pakati pa zonsezo, akutembenuza majumbo. Akuda anali ambirimbiri, koma anthu a mumsewuwo ankamanga mfundo imodzi, ena osamanga n'komwe. Ya mfundo zitatu inali imodzi yokha, pansi penipeni. Anaimasula ndi zikhadabo. Fungo linatuluka lamphumphu, osachepako ngakhale pang'ono: thukuta, fodya, mowa, mlamu wake yense monga analili. Linamufika kukhosi, maso n'kuchita misozi. Anamanganso jumboyo msanga kuti lisathawe.

Zinyalala anazibwezera mu mgolo ndi fosholo ya makanika. Pa mpopi anasamba mpaka m'zigongono, katatu, poti ankapita kwa odwala, ndipo anasintha bulauzi ndi nsapato. Koma kathaulo kaja anakaika kutali, pamwamba pa mpanda, kuopa kuti dontho la sopo lingakagwere. Anakachotsa mu jumbo yonyowayo ndi manja ake, n'kukapinda kanayi mmene kakanalolera kupindika, n'kukaika mu jumbo yatsopano, n'kuika m'chikwama chake cha m'manja, pamodzi ndi mpango wositidwa.

Anafika m'wodi dzuwa litapendeka, odzaona odwala ena akutsanzika. Kamphuno anali chigonere choyang'ana kuzenera. Mbale ya chakudya inali pa kabati, yosakhudzidwa. Mng'ono wake anadzutsa mutu, maso ali otupa.

"Achemwali, munapita kuti? Sakundiyankha n'komwe. Ndamuuza zoona, ndinalibenso bodza lina."

Mayi Sopo anakhala pamphepete pa bedi, n'kutsegula chikwama, n'kumasula jumbo pansi pa bulangete. Mng'ono wake anabweza mutu m'mbuyo, kenako anazindikira, n'kugwira pakamwa.

Mapewa a mwanayo anagwedezeka. Mphuno inatuluka m'bulangete. Kadzanja ka pulasitala kanafufuza mpaka kanakhudza kathaulo kouma kaja, n'kukakokera pansi pa tsaya. Sanathokoze, sanatembenuke. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri, kenako anayamba kulira, kulira kumene anakusunga masabata atatu, mayi ake n'kumugwira kumsana. Mayi Sopo anakhala pomwepo, akupuma ndi pakamwa. Fungolo linkamunyansabe ngati poyamba, ndipo mwini wake ankamunyansa kuposa pamenepo.

Kulira kutachepa, mwanayo anafunsa ali chikwiriire nkhope, "Mawa ndingalowe nako ku opaleshoni?"

"Kumeneko salola," anatero Mayi Sopo. "Koma ndikusungira. Ukamadzuka ukapeza kali pompano."

"Simukachapa?"

"Sindikachapa."

"Lumbirani."

"Ndalumbira. Tsopano idya, chakudya chazizira."

Anali atadya masupuni atatu pamene nesi wamkulu analowa, mayi wa yunifolomu yowala, woyenda mowongoka, amene tsiku lina lililonse Mayi Sopo akanamukonda. Anayenda pakati pa mabedi akuona makadi, n'kuima mwadzidzidzi pafupi ndi zenera. Anakwinya mphuno.

"Chikununkha n'chiyani muno? Ana awa akupita ku opaleshoni mawa, sindikufuna uve m'wodi mwanga." Anayamba kusuzumira pansi pa bedi, kenako dzanja lake linalunjika pa bulangete la Kamphuno. Mwanayo anaumitsa thupi, tsaya atakanikiza pa pilo.

Mayi Sopo anaimirira, n'kulowa pakati pa nesi ndi bedi.

"Ndine," anatero. "Pepani, anesi. Lero sindinasambe."